Sheleni ya Mfumu George: Mboni ya Zaka za Msonkho m'Dziko la Asoli

M'midzi ya m'boma la Chongwe, munthu wacikulire akamwalira ndipo abale akatsegula bokosi lake lacitsulo kuti agawane katundu, nthawi zina pansi penipeni amapezapo kansanza komanga mfundo. Akamasula mfundoyo mumagwa ndalama ziwiri kapena zitatu zakuda bii, zimene wamsitolo ali yense lero angazikane. Mbali imodzi iri ndi mutu wa Mzungu wandebvu wobvala cisoti cacifumu. Mbali inayo iri ndi mbalame kapena mphalapala, ndi caka monga 1932 kapena 1936. Ana amaziseweretsa pabwalo kufikira zitasowa m'fumbi. Akulu ena amazigulitsa kwa anthu oyendayenda ofuna ndalama zakale. Mwa njira zonse ziwiri mudzi umataya cinthu cimene sudzacipezanso, pakuti ndalama zotere ziri pakati pa zinthu zowerengeka za m'mudzi zimene ziri ndi caka colembedwa pa izo, ndipo zinapita m'manja mwa makolo pa nthawi imene moyo wa m'midzi unasinthika kopambana.

Ndalama Zisanafike

Asoli, eni dziko la Chongwe, anali kucita malonda kale lomwe ndalama za Azungu zisanaoneke. Anali kusinthanitsa mapira, mbuzi, nkhuku, mcere ndi makasu osulidwa ndi amisiri a citsulo. Kucokera ku Zumbo ndi ku Feira, kumene Luangwa amathira m'Zambezi, kunali kudza Acikunda ndi amalonda a Cipwitikizi atanyamula nsalu, mikanda ndi mfuti, nabwerera ndi minyanga ya njobvu, ndiponso, cimene ciri comvetsa cisoni, ndi akapolo. Nsalu ndi mikanda zinagwira nchito yonga ya ndalama, cifukwa munthu anatha kuzisunga ndi kugula nazo cinthu cina pambuyo pake.

Ngakhale citsulo cogulira malonda sicinali cacilendo m'dziko lino. M'caka ca 1960, anchito amene anali kukumba pa citunda ca Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira m'Zambezi, anapeza manda a anthu olemera amene anakhala ndi moyo zaka ngati 500 zapitazo. M'mandamo munali mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa yosungunulidwa m'cikombole, imene amalonda a nthawi imeneyo anali kuiyesa cuma. Motero cimene cinadza ndi Azungu si malonda ai, koma citsulo cozungulira cokhala ndi nkhope ya mfumu ya kutali, cimene boma linalamula kuti munthu ali yense acipeze, afune asafune.

Msonkho Ubala Ulendo

Dziko lino linayamba kulamulidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, yochedwa British South Africa Company, imene inaligawa pawiri. M'cigawo ca kum'mawa, North-Eastern Rhodesia, msonkho wa nyumba unayamba m'caka ca 1901, ndipo unali masheleni 3. M'cigawo ca kumadzulo unayamba m'caka ca 1904. Zigawo ziwirizi zinalumikizidwa m'caka ca 1911 nizikhala Northern Rhodesia, ndipo m'caka ca 1924 kampani ija inapereka dziko m'manja mwa boma la ku London.

Sheleni simera m'munda. Munthu wa nkhokwe zodzala ndi khola la mbuzi anapezeka ali wamangawa kwa boma, cifukwa analibe kacitsulo kamene mwini msonkho anali kufuna. Njira yoipezera inali kugulitsa zokolola kwa amene anali ndi ndalama, kapena kukagwira nchito kwa Azungu. Njanji inafika pa Lusaka m'caka ca 1905 ndi pa Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, m'caka ca 1906. M'mbali mwake munatsegulidwa mafamu. Amuna anayamba kucoka m'midzi kunka ku mafamuwo, ku mgodi wa Broken Hill, ku migodi ndi minda ya Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa ya kumpoto. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anthu ambiri a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali. Akazi anatsala ndi makasu, ana ndi nkhalamba. Ena mwa amunawo anabwerera ndi masheleni omangidwa m'nsalu, ena anasanduka machona, ena anafera komweko.

Kukula kwa nkhani ya msonkho kumaoneka bwino pa zimene zinacitika m'mwezi wa May 1935, caka comweco cimene likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Boma linakweza msonkho wa anthu a ku migodi ya mkuwa kucokera pa masheleni 12 ndi makobiri 6 kufika pa masheleni 15. Anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya ananyanyala nchito, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti. Wowerenga bwino adzaona kuti msonkho wakale unali mahafukoloni 5, ndi watsopano mahafukoloni 6. Kusiyana kwake kunali hafukoloni imodzi yokha, ndalama imene mwana angaifumbate m'dzanja limodzi. Mwana wa sukulu amene wagwira hafukoloni ya 1935 namva kulemera kwake sadzaiwala msanga phunziro la caka cimeneco.

Komatu si msonkho wokha umene ndalamazi zinalipira. Masheleni omwewo anagula mabulangeti, mapulawo ndi njinga. Analowa m'cuma ca ukwati m'malo mwa makasu ndi mikanda. Analipirira ana sukulu. Pa Kasisi, pamene Bambo Jules Torrend anakhazikitsa mishoni m'caka ca 1905, ndi pa Chalimbana, pamene sukulu ya aphunzitsi a Jeanes inasamukira kucokera ku Mazabuka m'caka ca 1939, aphunzitsi oyamba a dera lino analandira malipiro ao m'ndalama zomwezi, naphunzitsa ana kuwerengera kuti makobiri 12 ndi sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ndi paundi imodzi.

Mafumu ndi Siliva Wao

Ndalama zoyamba kufala m'dziko lino zinali za ku Ingalande. Pa izo panali nkhope ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 kufikira 1901, ya Edward VII, wa 1901 mpaka 1910, ndi ya George V, wa 1910 mpaka 1936. Victoria sanapondepo pa nthaka ya Afirika, ndipo anthu amene anakhetsa thukuta kufuna nkhope za mafumu amenewa sanawaone ndi maso. Ndalama zasiliva zinali tiki ya makobiri 3, sikisipensi ya makobiri 6, sheleni, ndalama ya masheleni 2, ndi hafukoloni ya masheleni 2 ndi makobiri 6. Kufikira caka ca 1919 zinali za siliva wabwino, magawo 925 mwa magawo 1,000. Itatha nkhondo yoyamba mtengo wa siliva unakwera kwambiri, ndipo kuyambira 1920 ndalama za ku Ingalande zinakhala theka siliva, theka zitsulo zina.

M'caka ca 1932 Southern Rhodesia inayamba kukhala ndi ndalama zakezake, zosulidwa ku London, ndipo zinafalanso kuno ndi ku Nyasaland. Cozizwitsa ndi cakuti zinali za siliva wa magawo 925, ndiye kuti zinaposa ndalama za ku Ingalande kwenikweniko za zaka zomwezo. Kuzisiyanitsa sikubvuta. Pa ndalama ya ku Ingalande George V ali ndi mutu wosabvala kanthu, ndipo mau ozungulira mutuwo ndi a Cilatini. Pa ya Southern Rhodesia wabvala cisoti cacifumu, ndipo mau ndi a Cingelezi. Kuseri kwa tiki kuli nsonga za mikondo itatu, kwa sikisipensi nkhwangwa ziwiri zopingasana, kwa sheleni mbalame yamwala ya ku mabwinja a Zimbabwe, kwa masheleni 2 mphalapala, ndi kwa hafukoloni cikopa cokhala ndi cisoti pamwamba. Kobiri loboola pakati, limene akulu ambiri amalikumbuka, linayamba m'caka ca 1934, ndipo silinali la siliva konse.

Edward VIII anakhala pa mpando miyezi yosakwana 12 m'caka ca 1936, nausiya. Palibe ndalama ya Southern Rhodesia imene inatuluka ndi dzina lake, ndipo za caka cimeneco ziri ndi nkhope ya atate wake. Kuyambira 1937 panaoneka mng'ono wake, George VI, wopanda ndebvu. Iyeyu yekha mwa mafumu onsewa ndiye anafika m'dziko lino ali pa ufumu, pamene anaceza ku Livingstone m'mwezi wa April 1947.

Siliva Atha

Nkhondo yaciwiri, ya 1939 mpaka 1945, inalembedwanso m'citsulo ca ndalama. Ndalama za Southern Rhodesia za 1944, 1945 ndi 1946 ziri ndi theka lokha la siliva. Kuyambira 1947, ku Ingalande ndi kuno komwe, siliva anacotsedwamo kotheratu, ndipo ndalama zinayamba kupangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Pakuti Ingalande inali itabwereka siliva wambiri ku Amereka pa nthawi ya nkhondo, ndipo inayenera kumbweza. Zithunzi zinakhala zomwe zija, koma kulira kunasintha: sheleni yasiliva ikagwa pa mwala imalira ngwii kwa kanthawi, pamene yanikelo imalira mogontha. Monga zimacitikira kuli konse ndalama yabwino ikayendera pamodzi ndi yocepa mphamvu, anthu ocenjera anagulira zatsopano nasunga zakale. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene ndalama zasiliva zimapezekera m'mabokosi a nkhalamba.

Mau a pa ndalama nawonso anasintha. Kufikira 1947 George VI anali kulembedwa kuti King Emperor, ndiye kuti mfumu ya Ingalande ndi mfumu yaikulu ya India. India italandira ufulu m'caka cimeneco, mau aciwiriwo anacotsedwa pa ndalama za 1948 ndi za m'tsogolo mwake. Mphunzitsi amene aika sheleni ya 1946 pambali pa ya 1948 ali ndi phunziro lathunthu pa tebulo pake: siliva watha, ndipo ufumu waukulu wayamba kupasuka.

M'mabokosi ena mumapezeka ndalama za maiko ena. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Cotero sheleni ya East Africa, yokhala ndi mkango patsogolo pa phiri, kapena rupiya ya ku India, ingakhale cizindikiro cakuti m'banjamo munali msilikali. Tiki ya ku South Africa ingaloze kwa munthu amene anapita ku Joni.

George VI anamwalira m'caka ca 1952, ndipo mwana wake Elizabeth II analowa ufumu. M'caka ca 1953 kunatuluka ndalama yaikulu ya masheleni 5, ya theka siliva, yokumbukira zaka 100 cibadwire Cecil Rhodes. Caka comweco unayamba Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene Aafirika a kuno anacikana kuyambira paciyambi. Ndalama za Citaganya zinatuluka m'caka ca 1955, zopanda siliva: kobiri la njobvu ziwiri, theka la kobiri la anyamalikiti, sheleni ya mphalapala, masheleni 2 a nkhwazi yogwira nsomba. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Ndalama za Zambia za 1964 zinalibenso nkhope ya mfumu ya kutsidya kwa nyanja. Za 1966 zinali ndi nkhope ya Kenneth Kaunda. Pa 16 January 1968 mapaundi ndi masheleni analowedwa m'malo ndi Kwacha ndi ngwee: masheleni 10 anakhala Kwacha imodzi, ndipo sheleni imodzi inakhala ngwee 10.

Osonkhanitsa ndi Osungunula

Anthu ofuna ndalama zakale ali a mitundu iwiri, ndipo nkoyenera kuti mphunzitsi awadziwe, cifukwa makolo kawirikawiri amadza kwa iye kudzafunsa. Oyamba ndi osonkhanitsa, amene amasankha mfumu imodzi, monga George V, nayesa kupeza ndalama iri yonse ya caka ciri conse ca ufumu wake. Iwowa amayang'ana zinthu zitatu: caka, kusowa kwa ndalamayo, ndi kusafufutika kwa zithunzi zake. Ndalama imene tsitsi la mfumu ndi nthenga za mbalame zikuonekabe bwino amaiyesa yamtengo. Yosalala ndi manja a anthu, kapena yoboola kuti ikhale ya m'khosi, saiwerengera kwenikweni. Aciwiri ndi ogula siliva, amene sasamala za caka kapena mfumu, koma amaika ndalama pa sikelo kuti akazisungunule.

Sikelo sinama. Sheleni imalemera magalamu 5.65, ndipo ngakhale iri ya siliva wabwino, siliva wake amangopitirira pang'ono magalamu 5. Hafukoloni imalemera magalamu 14.14. Ndalama zimene zinayenda m'midzi zinasulidwa zambirimbiri, ndipo zoculuka mwa izo zinafufutika. Cotero mtengo wake woona ndi wa siliva amene ali m'menemo, osati cuma cogulira galimoto monga mphekesera zimanenera. Munthu wolonjeza cuma cotere, amene ayamba wapempha ndalama yoyesera kapena yofunira wogula, ayenera kukayikiridwa. Banja limene lagulitsa sheleni ya agogo limalandira zocepa zimene zimatha sabata lomwelo, ndipo sheleniyo ikalowa m'moto wa wosungunula, caka cake ndi nkhope yake zimatha pamodzi.

Nchito ya Mphunzitsi

Wosonkhanitsa wa ku mzinda angathe kukhala ndi masheleni onse a George V m'kabati yake, koma sangadziwe amene anaigwirira nchito sheleni iri yonse, kapena mtunda umene anayenda wapansi. Mbiri imeneyo iri m'mudzi, m'mitu ya anthu okalamba amene akucepa caka ndi caka. Munthu amene anali ndi zaka 10 pamene masheleni anatha m'caka ca 1968 ndi nkhalamba tsopano, ndipo amene analipira msonkho ndi siliva wa George V atsala pang'ono kutheratu. Apa ndi pamene mphunzitsi wa kumudzi amaposa wosonkhanitsa wolemera.

Sikufunika kuti sukulu ilande kapena igule ndalama za makolo. Cofunika ndi buku limodzi lolimba. Mwana akabwera ndi ndalama yobwereka kwa agogo ake, aiike pansi pa pepala nakhwekhwereze pensulo pamwamba kufikira cithunzi ca mbali zonse ziwiri citaoneka. Pansi pa cithunzico alembe caka, dzina la mfumu, dziko limene linaisula, ndi mudzi umene yacokera. Pambuyo pake abwerere kwa agogo ndi mafunso: Inali ya yani? Anaipeza pa nchito yanji, ndi kuti? Sheleni inali kugula ciani masiku amenewo? Msonkho anali kukalipira kuti, ndipo wolephera anali kumcita ciani? Mayankho alembedwe monga momwe agogowo anenera, ndi tsiku lake. Ndalamayo ibwezedwe kwa mwini wake tsiku lomwelo, kuti makolo asaleke kukhulupirira sukulu.

Ana acenjezedwe kuti asakwece ndalama ndi phulusa, mcenga kapena mandimu. Kuda kwa siliva wakale si litsiro ai, ndipo kukweca kumafufuta zilembo zimene zikufunidwa. Madzi ndi sopo pang'ono ndi nsalu yofewa zikwanira. Caka cikakhala cosaoneka bwino, ndalama ipendekedwe pa dzuwa la m'mawa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Buku lotere limathandiza maphunziro ambiri. Pa masamu, ana angawerengere matiki amene anafunika kulipira msonkho wa masheleni 3, napeza kuti ndi 12. Pa phunziro la maiko, angafune pa mapu London, India, Burma ndi Joni. Pa mbiri, angandandike zithunzi zao monga mwa zaka, kuyambira Victoria kufikira Kaunda, naona ndi maso ao pamene siliva anacepa, pamene anatha, ndi pamene nkhope ya mfumu yacilendo inacoka. Sukulu zingapo za m'dera limodzi zikalinganiza mabuku ao, zingathe kuona kumene amuna a midzi yao anapita kwambiri, kaya ku njanji, kaya ku migodi, kaya kutsidya kwa Zambezi. Banja limene lifuna kupereka ndalama zake kuti zisungidwe kosatha lingalangizidwe za nyumba zosungira zakale za ku Lusaka ndi ku Livingstone, ndipo lipereke ndalamazo pamodzi ndi mbiri yake yolembedwa.

Mabuku a mbiri amachula mafumu, abwanamkubwa ndi zaka zao, koma sachula munthu wa kwa Nkomeshya kapena wa kwa Bunda Bunda amene anasiya munda wake nayenda masiku ambiri kukafuna masheleni a msonkho. Dzina lake silinasulidwe pa siliva. Lidzasungika pokhapokha mdzukulu wake akalilemba pansi pa cithunzi ca sheleni ija, agogo amene akulikumbuka akali moyo. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera okhawo amene wina anawasunga.